Mayi Makiyi ndi Makhadi Ong'ambidwa

Malemu amene atisonkhanitsa pano, amene ambiri mwa inu mumawadziwa ndi dzina loti Mayi Makiyi, anabadwa pa 14 Ogasiti 1953. Anali achitatu kubadwa m'banja la ana asanu ndi awiri. Bambo awo anali mmisiri wokhoma zidebe, ndipo pakhoma la shedi yawo chipangizo chilichonse chinali ndi msomali wakewake. Ntchito yoyamba ya malemu, asanayambe n'komwe sukulu, inali kuyang'ana khoma lija dzuwa likapendeka ndi kunena msomali umene watsala wopanda kanthu. Azichimwene awo ankadana nayo ntchito imeneyi, chifukwa inkawaulula.

Anayamba sukulu mu 1961 ndipo anamaliza pulayimale mu 1969. Anakhoza bwino n'kupita ku sekondale, koma anaphunzirako zaka ziwiri zokha. Mu Julayi 1971 bambo awo anamwalira, kunyumba kunafunika manja, ndipo malemu anabwerera ndi sutikesi yawo osadzapitakonso. Nkhani imeneyi sankakonda kuikamba. Mu 1973 azakhali awo anawathandiza kuti aphunzire kutayipa ndi kusunga katundu, ndipo chaka chotsatira anayamba ntchito m'sitolo yogulitsa zipangizo zomangira.

M'sitolo momwemo ndi momwe anakumana ndi amuna awo, amene panthawiyo anali atangoyamba uphunzitsi. Aphunzitsiwo anabwera kudzagula loko wa chitseko cha kalasi. Mawa lake anabweranso kudzasintha, ati wachepa. Mkuja wake anabweranso, ati wakula. Ulendo wachinayi malemu anawauza kuti maloko onse a m'sitolomo ndi a saizi imodzi, ndiye ngati pali china chimene akubwerera angonena, chifukwa kumbuyo kwawo kuli anthu akudikira. Anamanga banja Loweruka pa 18 Seputembala 1976, ndipo Mulungu anawapatsa ana anayi.

Mu Febuluwale 1979 malemu analembedwa ntchito pa malo ophunzitsira achinyamata akumidzi amene ankatsegulidwa mwezi womwewo. Dzina lake la m'makalata linali lalitali, moti anthu ankangoti ku Maluso. Kwa ana athu amene simunakuone, panali mashedi atatu aatali, nyumba zogona ziwiri, dimba, khola la nkhuku, ndi sitolo ya zipangizo yokhala ndi zenera limodzi. Kunkabwera anyamata ndi atsikana amene sukulu inawathera panjira, n'kumaphunzira kwa chaka ndi theka ukalipentala, zomangamanga, zosoka, kukonza njinga kapena ulimi. Malemu anasunga sitolo ija kuyambira tsiku lotsegula mpaka tsiku lotseka, zaka makumi awiri ndi chimodzi.

Wachinyamata akafika ankapatsidwa nambala. Nambalayo inkalembedwa pa khadi lake, pamene panalinso dzina lake, kwawo ndi luso limene wasankha. Inkalembedwanso kumsana kwa ovololo yake, ndipo inkaotchedwa ndi waya wamoto pa mpini wa chipangizo chilichonse chimene wabwerekedwa. M'mawa uliwonse 7 koloko onse ankafola pazenera la sitolo motsata manambala, wina kumbuyo kwa mnzake, kudzatenga zipangizo. Ikakwana 4 koloko ankafolanso kudzabweza. Wochedwa ankapeza malo ake amusiyira, chifukwa malemu sankalola kuti manambala asokonekere. Makiyi ankawamangirira m'chiuno, ndiye ankamveka asanaoneke, ndipo dzina lija linachokera pamenepo.

Tisanamizane pamaliro, malemu anali okhwimitsa zinthu. Ukathyola sowo n'kubweretsa zidutswa zonse, ankangokuyang'ana n'kukupatsa ina. Koma ukataya ngakhale tepi yoyezera, unkaona zakuda. Komabe pazenera lomwelo ndi pomwe achinyamata ankalandirira makalata ochokera kwawo, singano, mankhwala a mutu. Amene sankatha kuwerenga bwino ankatsalira pang'ono, ndipo malemu ankawawerengera kalata motsitsa mawu anzawo atachoka.

Panali lamulo limodzi limene tiyenera kulitchula, chifukwa zaka zomaliza za malemu zonse zinathera pa lamulo limeneli. Akuluakulu a ku Maluso ankafuna kuti alendo akatsegula kabati azipezamo makhadi a amene akuphunzira ndi amene anamaliza basi. Munthu akachoka asanamalize, pa chifukwa chilichonse, khadi lake linkang'ambidwa pakati n'kutayidwa, ndipo nambala yake sinkapatsidwanso kwa wina. Wong'amba anali wosunga sitolo. Kawirikawiri ankang'amba pazenera pomwepo, mwini wake akuona, akangobweza ovololo. Malemu sankaonapo cholakwika. Kwa iwo linali lamulo ngati lotseka zenera nthawi ikakwana.

Mu Disembala 1999 bungwe limene linkathandiza malowo ndi ndalama linasiya, ndipo ku Maluso kunatsekedwa. Katundu anagulitsidwa. Bambo amene anagula kabati ya makhadi ankafuna kabati yokha, choncho anasolola madilowa n'kukhuthulira makhadi pansi. Malemu anafika anthu akuwaponda. Anawatola onse, anadzaza makatoni anayi a sopo, n'kukankha pa wilibala mpaka kunyumba. Amuna awo anafunsa kuti katundu ameneyu agona pati. Mawa lake mabuku a aphunzitsi anapezeka atasamukira pansi pa bedi. Malemu anasanja makhadiwo motsata manambala, anatseka makatoni, ndipo makatoniwo anakhala pa shelefu zaka zisanu ndi chimodzi, akupukutidwa fumbi Loweruka lililonse koma osatsegulidwa.

Mu Malichi 2006 kunyumba kunabwera bambo wina womanga nyumba, manja ake atang'aluka ndi simenti. Anati kampani ina ikulemba amisiri ndipo ikufuna umboni woti munthu anaphunzirapo. Iye anakhala ku Maluso miyezi khumi ndi inayi, anachoka itatsala inayi yokha bambo ake atamwalira, ndipo nambala yake inali 388. Malemu anatsitsa katoni, anayendetsa chala: 386, 387, 389. Anabwerezanso. Womangayo anasuzumira m'katonimo, anaseka pang'ono, n'kunena kuti, "Ndiye kuti ine kumene kuja sindinapondeko, Mayi?" Malemu anamulembera kalata ya umboni pamanja, koma kalata yopanda chidindo kampani sinailandire, ndipo ntchito inamudutsa.

Sabata yomweyo malemu anayala makhadi onse pa tebulo lodyera. Nambala yomaliza imene inaperekedwa ku Maluso inali 1,146. Anatsata kuyambira pa nambala yoyamba, ndipo anapeza malo 207 opanda khadi. Amuna awo anayesa kuwatonthoza. Anati madzi akatayika saoleka, komanso lamulo lija sanapange ndi iwo. Malemu anayankha kuti, "Lamulo linalibe zala, Aphunzitsi. Zala zinali zanga." Anagula makhadi atsopano 207, pa lililonse analembapo nambala yokha, n'kuliika pamalo pake. Anati sadzapuma mpaka khadi lililonse litakhala ndi dzina, zaka, luso, ndi mmene munthuyo anachokera.

Vuto linali lakuti malemu ankakumbukira manambala ndi nkhope, koma mayina ayi, poti pazenera paja panalibe woitanidwa ndi dzina. Nzeru inabwera ndi womanga uja. Iye anati munthu ukhoza kuiwala zambiri, koma sungaiwale amene unkayang'ana nkhongo yake kawiri pa tsiku kwa chaka chathunthu. Kuyambira pamenepo njira inadziwika. Akafuna mwini nambala 512, ankatenga khadi la 511 ndi la 513, pamene panali mayina ndi kwawo kwa anthuwo, n'kukawafunafuna. Akawapeza, funso linali limodzi: pamzere paja, kutsogolo kwako kunkaima ndani, nanga kumbuyo?

Anayenda choncho zaka khumi ndi zitatu, pa basi, pa njinga, kwina wapansi, ali ndi chikwama chakuda ndi botolo la madzi. Ena anawapeza m'misika, ena m'magalaja, ena m'minda. Ena anapeza atamwalira, ndipo dzina lonse ankawapatsa ndi akazi amasiye kapena ana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Panali nambala ina imene inawatengera zaka zinayi, chifukwa woima kutsogolo kwake ankangokumbukira dzina lachipongwe, loti Chitsulo, ndipo a Chitsulo m'dera lonselo anapezeka asanu ndi mmodzi.

Bambo wina atamva kuti Mayi Makiyi ali pakhomo anathawira kuseri kwa khola, poganiza kuti abwerera nyundo imene anachoka nayo mu 1984. Akazi ake atamukoka, anatuluka atanyamula nyundoyo m'manja awiri ngati mwana wakhanda. Malemu anaitembenuza, anaona nambala pa mpini, anamuuza kuti mpini umafuna kupaka mafuta, n'kumubwezera. Kenako anamufunsa dzina.

Kunyumba, tebulo lodyera linasanduka ofesi, ndipo banja linazolowera kudyera pakona imodzi. Ana ankadandaula kuti iwo ndi anayi koma mayi awo ali ndi ana chikwi ndi kusefukira. Mkamwini wawo woyamba, yemwe ndi kalipentala, anaphunziranso ku Maluso. Tsiku limene anabwera koyamba kudzaonekera, atavala jekete yobwereka, malemu anamuyang'ana n'kumufunsa ngati si 902, komanso ngati tchizulo chija chinapezeka. Mpaka mwezi wathawu ankamuitanabe ndi nambala, ndipo iye ankavomera. Ndi iyeyo amene mu 2010 anawakhomera kabati ya madilowa anayi, makatoni a sopo atatopa. Amuna awo, amene anapuma ntchito mu 2008, ankajambula mizere pa makhadi, kusongola mapensulo, ndi kukawadikira pa siteji ya basi.

Pofika mu 2019 anali atapeza mayina 190. Pa khadi lililonse, pa mzere wonena mmene munthu anachokera, malemu ankalemba kuti anasiya, kenako chaka. Mu Okutobala chaka chimenecho anafika pa shopu ya telala wina, mayi wa makina atatu, amene malemu anauzidwa kuti ndiye 641. Telalayo anawazindikira asanatsegule pakamwa. Mpando sanawapatse. Anawamvetsera makina akulirabe, kenako anawaimitsa makinawo, anapempha kuona makhadi ena amene anali m'chikwama, anawerenga atatu, n'kuwabweza.

Anati, "Anasiya? Ine sindinasiye, Mayi. Munaona ovololo yayamba kundithina pamimba, wokanena ku ofesi munali inu. Khadi munang'amba ine ndikulira pazenera panu. Mwini wake wa mimbayo anatenga setifiketi, khadi lake lili m'kabati mwanumo, loyera bwinobwino. Ngati mukufuna kulemba kuti ndinasiya, dzina langa lisiyeni pomwe lili."

Malemu anatseka chikwama chawo. Anabwerera kunyumba, ndipo masiku awiri sanayandikire tebulo. Tsiku lachitatu anauza amuna awo kuti ntchito iyambirenso, chifukwa zaka zonsezi akhala akulemba mbiri yosambitsa manja awo omwe. Anatulutsa makhadi 190 aja n'kuyamba kufunsanso mmodzimmodzi, ena pa foni, ena powayenderanso, kuti anachoka okha kapena anachita kuchotsedwa. Anapezeka 58 ochotsedwa. Atsikana 23 anachotsedwa chifukwa cha mimba. Ena anachotsedwa chifukwa cha ndewu, ena chifukwa chotaya zipangizo. Pa makhadi amenewa malemu analemba mwatsopano kuti anachotsedwa, analemba chifukwa chake, ndi amene anakanena ku ofesi. Pamene wokanena anali iwo, analemba dzina lawo lonse.

Amuna awo anawalangiza kuti mzere womalizawo ndi wosafunika, ndipo malemu anawapempha kuti apitirize kusongola mapensulo. Ena mwa anzawo akale a ntchito sanakondwe nazo. Ankati akudetsa dzina la malo amene anathandiza anthu ambiri, ndipo mmodzi anasiya kuwapatsa moni kwa chaka chathunthu. Malemu ankayankha kuti ubwino wa ku Maluso palibe angaufafanize, poti anthu 939 anamaliza ndipo madenga, mipando ndi mayunifomu a m'dera lino ndi umboni wawo. Koma mzere uja unali umodzi, ndipo amene anachotsedwa anaimapo mofanana ndi amene anamaliza.

Mu Juni 2021 anabwerera kwa telala uja ndi khadi latsopano. Telalayo analiwerenga ali chiimire. Kenako anakankha mpando ndi phazi kuti malemu akhale, anatenga cholembera, n'kulemba yekha dzina lake. Malemu asanatuluke, telalayo anawauza kuti diresi imene avala yapindika m'munsi, ndipo munthu wankhanza pa manambala sayenera kuyenda ndi msoko wokhota. Anaiwongola malemu atakhala pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo ankachezerana, ngakhale kuti nkhani ya pazenera sanaikambenso.

Malemu anapezeka ndi matenda a shuga mu 2012, ndipo kwa zaka zambiri ankawasamala bwino. Mu 2022 maso anayamba kuvuta, mpaka anasiya kuwerenga ndi kuyenda maulendo. Ntchito sinaime. Mkamwini wawo ankafalitsa manambala otsala kwa anzake akale, mafoni ankalira, ndipo amuna awo ankalemba zimene malemu ankanena. Khadi lililonse ankafuna liwerengedwe mokweza kawiri lisanalowe mu dilowa, chifukwa ankati aphunzitsi akapuma ntchito amalembanso molakwitsa ngati ana a sukulu. Pofika Disembala 2023 mayina opezeka anakwana 203. Anatsala anayi.

Mu Januwale chaka chino impso zinayamba kufooka, ndipo anagonekedwa m'chipatala kawiri. Mu Malichi sukulu imene tsopano ikugwiritsa ntchito mashedi a ku Maluso inavomera kusunga kabati ija m'chipinda chake cha mabuku. Malemu anapempha zinthu ziwiri: kuti makhadi asadzasiyanitsidwe, omaliza ndi osamaliza akhale pamodzi motsata manambala, komanso kuti aliyense wofuna kuona khadi lake kapena la kholo lake asabwezedwe. Akuluakulu a sukulu analemba kalata yovomera, ndipo malemu anati iwerengedwe kawiri.

Pa 29 Epulo anagonekedwanso. Lachitatu m'mawa, atangomwa mankhwala, anafunsa amuna awo ngati pali foni imene yabwera yokhudza anayi aja. Anauzidwa kuti palibe. Kenako malemu anati, "Pamaliro panga padzabwera anthu ambiri a ku Maluso, oposa amene ndikanawayendera pa zaka khumi. Musadzawabalalitse musanawafunse." Amuna awo anati nkhani za maliro azisiye kaye, ndipo malemu anawauza kuti alembe asaiwale. Anatisiya Lachisanu pa 3 Meyi 2024, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri.

Malemu asiya amuna awo, amene akhala nawo zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Asiya ana anayi, aakazi atatu ndi wamwamuna mmodzi, zidzukulu khumi ndi chimodzi, ndi zidzukulutudzi ziwiri. Mwa abale awo obadwa nawo watsala mng'ono wawo mmodzi, amene ali nafe pano.

Ife apabanja tithokoze madokotala ndi anamwino a ku wodi ya amayi, amene anawapirira ngakhale ankawawerengera mabotolo a mankhwala pa thireyi. Tithokoze anansi amene ankatunga madzi ndi kusesa pakhomo pamene banja linali kuchipatala, ndi a mpingo amene sanatope kubwera. Tithokoze mayi telala, amene anakhala pambali pa bedi masana onse a Lachinayi ndipo asoka chovala chimene malemu agona nacho. Womanga uja, 388, anamwalira mu 2015. Khadi lake ndi limene linayamba kudzazidwa, ndipo tithokoze akazi ake pobwera. Tithokozenso nonse amene munatsegulira malemu zitseko zanu, makamaka inu amene munali ndi chifukwa chokwanira chowatsekera.

Tsopano tichite zimene anatituma. Tikupempha onse amene munaphunzira ku Maluso mutchere khutu.

Nambala 73 ndi 74, a chaka cha 1980. Awiriwa anachoka motsatizana. Mwini 72 anamwalira, ndipo mwini 75 akungokumbukira kuti kutsogolo kwake kunkaima mnyamata wamfupi wokonda kuimba mluzu.

Nambala 519, ya chaka cha 1988. Anali mtsikana wa zosoka, wamanzere, amene ankadandaula kuti sizasi imamupweteka chala. Malemu ankakhulupirira kuti ameneyu anachotsedwa, ndipo wokanena anali iwo.

Nambala 1,020, ya chaka cha 1997. Anali wokonza njinga, ndipo anakhala miyezi iwiri yokha.

Makhadi anayiwa ali patebulo pakhonde, pamodzi ndi pensulo. Mwana wawo woyamba akhala pamenepo mpaka munthu womaliza atachoka. Ngakhale mukungokumbukira dzina lachipongwe, kapena dera limene munthuyo ankachokera, kanenenibe. Ngati mwini nambala ndinu, ndipo simukufuna kulembedwa, kanenenso choncho, palibe amene akukakamizeni. Kabati idzapita ku sukulu Lolemba likudzali, makhadi anayiwa ali momwemo, odzazidwa kapena ayi.

Mayi athu ntchito yawo aweruka. Mulungu awalandire, ndipo ause mumtendere.